Kuonera mafilimu pa intaneti ku Lilongwe pamene makampani ake akugulana

Aliyense amene amalipira mwezi ndi mwezi kuti azionera mafilimu, masewero otsatizana kapena mpira wa ku England mu mzinda wa Lilongwe ayenera kudziwa kuti eni ake a zimene akuonerazo asintha kwambiri m'zaka zochepa zapitazi. Makampani akuluakulu oonetsa mafilimu pa intaneti ndi pa kanema wolipira akhala akugulana ndi kuphatikizana, ndipo nthawi iliyonse akatero amalonjeza zofanana, kuti woonera adzapeza zambiri pamalo amodzi, kuti ntchito idzayenda bwino kuposa kale, ndiponso kuti kampani yaikulu ndiyo ingapirire mpikisano. Ndemanga ino ndailemba monga munthu amene amalipira ndi kuonera zinthuzi kunyumba kwake ku Area 25, ndipo ndikufuna kuyeza ngati malonjezowa afika kwa woonera wa kuno, komanso kuona kuti anthu amene amagwira ntchito kuti chithunzi chifike pa foni ndi pa kanema wathu zawathera bwanji.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Kuchokera mu Januwale 2016, pamene Netflix inatsegula ntchito yake m'mayiko 130 nthawi imodzi, Malawi ali momwemo, munthu wa ku Kawale kapena ku Area 49 akhoza kuonera filimu ya kampaniyi tsiku lomwelo limene anthu a ku London ayamba kuionera. Mapulogalamu a pafoni awongoleredwa kwambiri moti netiweki ikafooka chithunzi chimangotsika ubwino wake m'malo moimiratu. Netflix imanena yokha kuti ola limodzi la chithunzi wamba limadya pafupifupi gigabaiti imodzi, la HD limafika 3, pomwe foni ikatcheredwa kuti isamale data, gigabaiti imodzi imakwanira maola ngati 6. Kwa ife amene timawerengera bandulo, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu. Chinthu china chimene ndimachiyamikira ndi mwayi wosunga filimu m'foni kuti munthu adzaionere pambuyo pake popanda intaneti, pakuti akhoza kuikoka usiku bandulo zikatsika mtengo, n'kudzaionera tsiku limene magetsi athima.

Palinso chitsanzo chimodzi chimene mgwirizano wa makampani unabereka chinthu chooneka ndi maso. Showmax, ntchito yoonetsa mafilimu pa intaneti ya MultiChoice (mwini wa DStv) imene inayamba mu 2015, inamangidwanso mwatsopano mu Febuluwale 2024 pogwiritsa ntchito makina a Peacock, ntchito ya mtundu womwewo ya kampani ya ku America ya NBCUniversal, kampaniyo itatenga masheya 30 pa 100 alionse. Pamodzi ndi kusinthaku panabwera mwayi wolipira mpira wa Premier League wokha pa foni, popanda dishi kapena dikoda. Mnyamata wochita lendi chipinda chimodzi ku Mchesi, amene alibe pokhomera dishi, anapeza njira yoonera timu yake osapita ku bala. Amene anaganiza zimenezi anaudziwa msika wa kuno.

Mavuto amayambira pa kulipira. Mafilimu ndi mpira zimagulidwa ndi madola, pamene ife timalandira makwacha, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zolipiridwa m'madola zinakwera nthawi yomweyo ngakhale kuti malipiro athu sanasunthe. Ntchito zina zimafuna khadi ya ku banki yololedwa kulipirira kunja, ndipo aliyense amene wayesapo kutero m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja akudziwa kuti khadi ikhoza kukanidwa ngakhale mu akaunti muli ndalama. Zinandichitikirapo ndi imodzi mwa ntchito zimene ndimalipira, ndipo nditafuna thandizo ndinapeza kuti palibe nambala ya m'dziko muno yoimbira, koma kabokosi kolembamo uthenga m'Chingerezi, komwe kanali kuyankhidwa ndi makina obwereza mawu omwewo. Pa mfundo imeneyi ntchito zimene zili ndi maofesi ndi ma ejenti kuno, zomwe zimalandira makwacha kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, zili patsogolo kwambiri, ndipo ndikuona kuti kukhala ndi munthu weniweni woti umudandaulire m'chinenero chako ndi gawo la zimene timalipira. Tsoka lake, gawo limeneli ndi lomwe limayamba kudulidwa makampani akaphatikizana.

Amalawi tinaphunzira kale kuti zigamulo za zimene timaonera sizipangidwa kuno. Mu Ogasiti 2023 MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno chifukwa cha mkangano wake ndi bungwe la MACRA pa nkhani yokweza mitengo, ndipo ntchitoyi inabwerera mu Disembala chaka chomwecho khoti lalikulu litagamula nkhaniyo. Kumeneko sikunali kuphatikizana kwa makampani, koma miyezi imeneyo inaonetsa poyera kuti msika wathu ndi waung'ono moti kampani ikhoza kuusiya, ndiponso kuti amene amagwa m'mavuto msanga ndi eni mabala ndi malo ogona alendo, ogulitsa madikoda ndi anyamata okhoma madishi. Tsopano mwini wa DStv wapita kutali kuposa Johannesburg. Kampani ya ku France ya Canal+ inapereka mtengo wa R125 pa sheya iliyonse ya MultiChoice mu 2024, zomwe zinaika mtengo wa kampani yonse pa ndalama pafupifupi R55 biliyoni, ndipo bwalo loona za mpikisano pa malonda ku South Africa litavomereza mu Julayi 2025, Canal+ inatenga ulamuliro mu Sepitembala chaka chomwecho. DStv, GOtv, SuperSport ndi Showmax zonse zinalowa m'manja amodzi ndi kampani imene inali kale yaikulu m'mayiko a mu Africa olankhula Chifalansa.

Chilungamo chimafuna kuti ndinene kuti MultiChoice sinagulitsidwe ili pabwino. M'zaka ziwiri zofika mu Malichi 2025 inataya makasitomala pafupifupi 2.8 miliyoni n'kutsala ndi 14.5 miliyoni, chifukwa cha kugwa kwa ndalama za mayiko monga Nigeria, kuthimathima kwa magetsi ku Zambia, anthu oonera mwakuba, ndiponso mpikisano wa YouTube ndi Netflix. Showmax nayo inali kudya ndalama zambiri kuposa zimene inali kubweretsa. Kampani yotere ikanasiyidwa yokha, mwina ikanadulabe zinthu. Komabe kuvomereza zimenezi sikufafaniza zimene zakhala zikuchitika kwina kulikonse kumene makampani a mtundu uwu aphatikizana, ndipo mbiri yake ndi yosasangalatsa.

Mu Epulo 2022, WarnerMedia, mwini wa HBO, inaphatikizana ndi Discovery n'kupanga Warner Bros. Discovery, ndipo kampani yatsopanoyo inabadwa ili ndi ngongole ya madola pafupifupi 50 biliyoni. Mwezi womwewo inatseka CNN+, ntchito yake ya nkhani pa intaneti, imene inali itangogwira ntchito mwezi umodzi. Mu Ogasiti inalengeza kuti filimu ya Batgirl, imene inali itajambulidwa kale pa ndalama pafupifupi madola 90 miliyoni, sidzaonetsedwa paliponse, chifukwa kuilemba ngati chitayiko kunali kothandiza pa msonkho kuposa kuitulutsa. Masewero ambiri anachotsedwa pa HBO Max, dzina la ntchitoyo linasinthidwa kukhala Max mu 2023, kenako linabwereranso kukhala HBO Max mu 2025. Disney, imene inagula 21st Century Fox pa madola 71 biliyoni mu 2019, nayonso inachotsa mafilimu ndi masewero ambiri pa Disney+ ndi Hulu mu 2023. Wina akhoza kuganiza kuti izi ndi nkhani za ku America zomwe sizitikhudza, makamaka popeza zina mwa ntchitozi sizipezeka n'komwe m'Malawi. Koma zotsatira zake zinafika pa dikoda yathu. Tchanelo ya Fox, imene mabanja ambiri ankaonerapo masewero otsatizana, inatsekedwa mu Africa mu 2021 ili m'manja mwa Disney, ndipo Paramount itaphatikizana ndi kampani yopanga mafilimu ya Skydance mu Ogasiti 2025, matchanelo a MTV Base ndi BET Africa anatsekedwa chaka chimenecho chikutha. MTV Base inali kuulutsa nyimbo za mu Africa kuyambira 2005, ndipo oimba a kuno ankaiona ngati khomo lotulukira kunja.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene timagula ndi ndalama zathu za pamwezi. Woonera ali ngati munthu wa pa lendi amene nyumba yake yagulitsidwa iye osadziwa, ndipo amangomva kwa mwini watsopano kuti lendi yakwera ndipo chipinda china chatsekedwa. Kale munthu akagula DVD ku Malangalanga inali yake mpaka itakalika, koma lero ukhoza kulipira zaka zambiri osatsala ndi kanthu m'manja. Kunyumba kwathu tinali kutsatira sewero lina lalitali pa imodzi mwa ntchitozi, ndipo tsiku lina tinangopeza kuti lachotsedwa tisanafike kumapeto, popanda uthenga wochenjeza. Mtengo wa mwezi umenewo sunatsike. Lonjezo lakuti zonse zidzakhala pamalo amodzi nalonso silinakwaniritsidwe, chifukwa kampani iliyonse yaikulu imafuna kusunga mafilimu ake pa ntchito yakeyake, motero banja limene likufuna mpira wa bambo, masewero a mayi ndi makatuni a ana limapezeka likulipira kuwiri kapena kutatu, kuwonjezera pa bandulo.

Tsopano ndifike pa ogwira ntchito, amene nkhani yawo imandikhudza kwambiri ngakhale kuti ndemanga zambiri za mtundu uno siziwatchula. Kampani ikagula inzake ndi ndalama zangongole, imauza eni masheya kuti idzapulumutsa ndalama zakutizakuti pophatikiza ntchito, ndipo njira yachidule yopulumutsira ndalamazo ndi kuchotsa anthu. Pomwe panali maofesi awiri owerengera ndalama pamatsala imodzi, pomwe panali magulu awiri otsatsa malonda pamatsala limodzi, ndipo nthambi za m'mayiko ang'onoang'ono zimayamba kuyang'aniridwa kuchokera kutali. Disney inatseka Blue Sky Studios mu 2021, situdiyo yopanga makatuni imene inaipeza pogula Fox, ndipo anthu pafupifupi 450 ntchito inawathera. Mu 2023 kampani yomweyo inalengeza kuti ichotsa anthu 7,000. Paramount, pasanathe miyezi itatu chiphatikizirane ndi Skydance, inayamba kuchotsa anthu pafupifupi 2,000. Amazon inagula situdiyo ya mafilimu ya MGM pa madola 8.5 biliyoni mu 2022, ndipo mu Januwale 2024 inachotsa antchito ena n'kusiya kuitanitsa mafilimu atsopano ochokera ku Africa kuno, patangopita nthawi yochepa ilonjezere zazikulu kwa opanga mafilimu a ku Nigeria ndi South Africa. Ngakhale kuphatikizana kukalephereka antchito sapulumuka, pakuti mgwirizano wa Zee ndi Sony ku India utasokonekera mu Januwale 2024, Zee, mwini wa Zee World imene amayi ndi atsikana ambiri kuno sailumpha madzulo, inalengeza kuti ichepetsa antchito ake ndi 15 peresenti.

Pali kuluza kwina kumene sikuoneka m'ziwerengero za ochotsedwa ntchito. Olemba ndi ochita zisudzo ku America amalandira kangachepe nthawi iliyonse imene ntchito yawo ikupitiriza kuonetsedwa, choncho sewero likachotsedwa pa intaneti ndalama imeneyo imauma, ndipo ntchito imene munthu anathera zaka akuikonza sipezekanso poti n'kuionetsa kwa wina amene angamulembe ntchito. Nkhani ya malipiro ochokera ku mafilimu a pa intaneti inali pakati pa zifukwa zimene olemba mafilimu ku Hollywood ananyanyalira ntchito masiku 148 mu 2023, ndipo ochita zisudzo anatsatira. Komanso ogula akachepa, wogulitsa mphamvu zimamuthera. Wopanga filimu amene kale akanapita kwa ogula asanu n'kusankha wopereka bwino, lero amagogoda pa makomo awiri, ndipo akakanidwa ponse pawiri alibenso kolowera. Mu Disembala 2025 Netflix ndi Paramount zinayamba kulimbirana kugula Warner Bros., zomwe zikusonyeza kuti makomowo akunka nacheperachepera.

Anzathu a ku South Africa anaziona zimenezi patali ndipo anadziteteza. Povomereza kuti Canal+ igule MultiChoice, bwalo lawo linaika malamulo akuti pasakhale kuchotsa antchito a m'dzikomo chifukwa cha kugulanaku kwa zaka zitatu, ndiponso kuti kampaniyo ipitirize kuika ndalama pa mafilimu ndi masewera a m'dzikomo ndi kugula katundu kwa makampani ang'onoang'ono. Popeza malamulo awo salola mlendo kukhala ndi mphamvu zoposa 20 peresenti pa chiphaso choulutsira, panakhazikitsidwa kampani yapadera yosunga chiphasocho, imene eni ake ambiri ndi nzika za dzikolo. Ndikuyamikira boma limene limakumbukira anthu ake pa nthawi yotere. Koma bwalo la ku South Africa limateteza anthu a ku South Africa, ndipo malire a mphamvu zake ndi omwewo.

Nanga athu ndi ndani? Ndi mayi amene ali ndi kashopu kolipirirapo ndi kugulitsa madikoda ku Area 23, amene phindu lake ndi kandalama kochepa pa kasitomala aliyense. Ndi mnyamata amene amayenda ndi makwerero ndi chingwe pa njinga yamoto kukakhoma madishi ku Chinsapo ndi ku Area 36, amene salembedwa m'buku la antchito a kampani iliyonse chifukwa amalipidwa akagwira ntchito basi. Ndi atsikana oyankha mafoni a makasitomala, ndi ogulitsa amene amaima pa dzuwa pakhomo la sitolo. Eni atsopano akaganiza zoti anthu azilipira ndi kudzithandiza okha pa foni, kapena zoti dishi ichepe ndipo intaneti ichuluke, anthu amenewa ntchito idzawathera mwakachetechete, popanda kalata, popanda ndalama yotsanzikira, ndipo palibe nyuzipepala ya zamalonda ku Paris kapena ku Johannesburg imene idzawawerenge. Sindikunena kuti zasankhidwa kale kutero. Ndikunena kuti palibe chowatchinjiriza zikadzasankhidwa.

Opanga mafilimu athu nawonso ali pa mzere womwewo. Malawi waonetsa kuti luso lilipo. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016, ndipo Shemu Joyah anapambana mphoto ya mtundu womwewo mu 2018. Sukulu ya MultiChoice Talent Factory, imene inayamba mu 2018 ndipo nthambi yake ya chigawo chino ili ku Lusaka, yaphunzitsa achinyamata a kuno kujambula ndi kukonza mafilimu. Zinthu ngati mphoto ndi sukulu sizibweretsa phindu la msanga, ndipo ndi zimene wowerengera ndalama amayamba kuziyang'ana akauzidwa kuti achepetse zowononga. Pa Netflix, filimu yodziwika kwambiri imene muli Chichewa ndi ija ya mbiri ya William Kamkwamba, imene inajambulidwa ku Kasungu ndi kutuluka mu 2019, ndipo inatsogoleredwa ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain. Ndi filimu yabwino, koma munthu akafufuza zina za m'chinenero chathu pa ntchito zikuluzikuluzi amapeza zochepa kwambiri. Pa mbali iyi ndikuzipatsa malikisi otsika zonse, ndipo sindikuona chifukwa choyembekezera kuti kampani ikakula ndiye idzayamba kusamala za chinenero cha msika waung'ono.

N'chifukwa chake anthu ambiri m'makwalala a Lilongwe sanasiye njira zawo. Nyumba zoonetsera mavidiyo zidakalipo ku Mtandire ndi ku Kauma, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata aluso lofotokoza akuyendabe pa memori khadi, ndipo amene ali ndi kompyuta pa msika amathira mafilimu mu flash pa mtengo wochepa. Njirazi zimaphwanya malamulo a umwini wa luso amene COSOMA imayang'anira, ndipo zimapweteka kwambiri wopanga filimu wa kuno amene alibe kwina kopezera ndalama. Sindingazilimbikitse. Koma zimapereka zinthu ziwiri zimene makampani a mabiliyoni alephera kupereka, zomwe ndi chinenero chimene agogo ndi mwana akumva, komanso mtengo wolipira kamodzi pa chinthu chimene chikhala chako.

Kwa amene akufunsa ngati n'koyenera kulipira, yankho langa ndi lakuti inde, koma mosamala. Chithunzi ndi chabwino, mapulogalamu amagwira ntchito ngakhale pa foni yotsika mtengo, ndipo wokonda mpira wa ku Ulaya alibe njira ina yovomerezeka yoposa imeneyi. Ndikulangiza kulipira mwezi umodzi umodzi osati chaka chonse, chifukwa zimene zilipo lero sizikudziwika ngati zidzakhalepo mwini akasintha maganizo. Ndi bwino kukhala ndi ntchito imodzi pa nthawi, kuonera zimene munthu akufuna, kenako n'kuisiya n'kupita pa ina. Amene amalipira ndi khadi azimitse kaye zoti ndalama izidulidwa yokha mwezi ukatha, ndipo amene ali ndi mwayi wolipirira kwa ejenti wa m'dera lawo achite zimenezo, pakuti kandalama kamene ejentiyo amapeza kamatsala kuno.

Chotsala ndi cha akuluakulu a mabungwe, ndipo n'zochititsa chidwi kuti ena mwa iwo ali mu mzinda uno. Bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda, limene limaunika kuphatikizana kwa makampani ochita malonda m'mayiko angapo a chigawochi, likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo bungwe lathu loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC linapatsidwa mphamvu zowonjezereka ndi lamulo latsopano la 2024. Pamodzi ndi MACRA, mabungwewa akhoza kufunsa zinthu zimene woonera mmodzi sangathe kufunsa. Ndikanakonda kuti kampani iliyonse yotolera ndalama kwa Amalawi izikakamizidwa kuchenjeza makasitomala mwezi wathunthu isanachotse tchanelo kapena kukweza mtengo, ndipo uthengawo uzibwera pa foni m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi chokha. Ndikanakondanso kuti pamene kugulana kwina kudzabwere pa tebulo lawo, adzafunse kuti ndi Amalawi angati amene amadya kuchokera ku kampaniyo, kuwerengera ma ejenti ndi okhoma madishi omwe, ndi kuti mwini watsopanoyo alembe pa pepala zimene adzawachitire kwa zaka zitatu zoyambirira, monga momwe Canal+ inachitira ku South Africa.